Latifa Womasulira Mafilimu a Ziphona

Mukamva chiphona chouluka cha m'filimu chikukalipa m'Chichewa cha kuno ku Zomba, n'kuponyamo ndi Chiyao pang'ono, dziwani kuti ameneyo ndi Latifa wa ku Chinamwali. Lero aliyense akudziwa zimenezo. Koma dzina limeneli sanachite kumupatsa pambale ayi, anachita kulanda.

Latifa anakulira m'munsi mwa phiri. Bambo ake ankatsitsa nkhuni za paini panjinga, mayi ake ankagulitsa mapichesi ndi sitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Iye ntchito yake inali kuyang'ana anthu pakamwa. Wogula akangotembenuka, ankamuyeserera mawu, kaya mzungu kaya wapolisi, amayi onse pamsewupo n'kufa nalo phwete. Mayi ake ankati, "Pakamwa pakopa padzakupachika, mwana iwe."

Atakula anakwatiwa ndi Yunus, mnyamata wa kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu pafupi ndi siteji ya akabaza. Yunus ankafuna kulowa ntchito yomasulira mafilimu. Mumatenga filimu ya azungu, aja ovala kabudula wamkati pamwamba pa buluku ndi chinsalu kumsana, n'kuikamo mawu a Chichewa. Zoti mzunguyo akunena chiyani zilibe ntchito kwenikweni, bola anthu aseke. Pakati pa ndewu womasulira amaperekanso moni kwa makasitomala, kuwatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo munthu akamva dzina lake mufilimu amayenda ngati wagula minibasi.

Vuto linali lakuti Yunus pamaiki anali nkhuni youma. Ankangotha kukuwa koyambirira kuti, "Yunus pamaiki!" basi. Zotsalazo zinali za Latifa: mawu a chiphona, a mfiti ya zitsulo, a nkhalamba, a mwana. Ngakhale moni wa makasitomala ankapereka ndi iyeyo, poyeserera mawu a mwamuna wake, ndi kachifuwa kake komwe. Ankajambula m'chipinda, atakhoma mabulangete m'makoma, ndipo mafilimuwo anafika mpaka ku Liwonde ndi ku Jali.

Tsiku lina Latifa anapempha, "Bambo, bwanji tizitchulako ndi dzina langa?"

"Mkazi wapabanja dzina lake lizimveka m'mavidiyo sho? Anthu andiona bwanji?" anatero Yunus.

Latifa anangopitiriza ntchito. Zaka zinapita, shopu inakula, Yunus anayamba kuvala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Kenako anapeza Precious, mtsikana wa ku Matawale wa mawu okoma, n'kupereka talaka yothetsa ukwati kwa Latifa ngati akutaya khoko la nthochi. Chimene chinamuwawa Latifa si Precious ayi. Ndi zimene Yunus anauza anthu pasiteji, kuti mayi uja kushopu ankangosesa, ndipo sadziwa ndi polumikiza maiki pomwe.

Aaa, Yunus! Munthu amene wakhala akulankhula ndi pakhosi pako zaka zonsezi, ungamunyoze pagulu?

Latifa anabwerera kwa mayi ake, n'kukhala phee pamsewu kugulitsa mapichesi, mtima ukuwira. Ankapemphera, koma kukhululuka kunkamukanika, ndipo sankafuna n'komwe. Anadikira mpaka itatuluka filimu imene tauni yonse inkaiyembekezera, ya ziphona zonse zitaphatikizana kulimbana ndi chimunthu chadazi chofuna kuphwanya dziko. Anapita kwa Winston, mwana wa malume ake wokonza mafoni mumsika, yemwe anali ndi kompyuta. Latifa anajambula filimu yonse, koyambirira n'kukuwa yekha ndi mawu aja, "Yunus pamaiki!" Winston anaigawa ulere m'mafoni ndi m'mavidiyo sho.

Filimuyo inali yokoma kuposa zonse za m'mbuyo. Koma itafika pa moni, eee! Mawu a Yunus anayamba kulavula zonse zimene Yunus weniweni ankanena kunyumba akavula nsapato. "Moni kwa a Herbert, tcheyamani wa akabaza, amene mumatsitsa kasitomala pachitunda kuti akuthandizeni kukankha. Moni kwa a Akram, njinga yawo ndi ya akazi awo, akachedwa amagona pakhonde. Moni kwa akabaza nonse a pa Chinamwali, mukalowa mushopu mwanga ndimayamba ndatsegula mawindo." Latifa sanapeke ngakhale limodzi.

Tauni inaseka mpaka kugwira nthiti. Akabaza okha ndi amene sanaseke. Lachisanu anthu akutuluka kumzikiti, njinga zinali zitazungulira shopu, a Herbert ali patsogolo ndi pampu m'manja. Precious anali atatulukira kale khomo lakuseri.

"Si ine, akuluakulu! Wallahi si ine!" analira Yunus.

"Mawu ako sitiwadziwa? Tayamba kuwamva liti?" anatero a Herbert.

Apa ndiye panali pothina kwa Yunus. Akati mawuwo ndi ake, pampu imupeza. Akati si ake, ndiye kuti ulemu wonse wa zaka zija ndi wakuba. Anayang'ana pampu ija, n'kusankha khungu lake.

"Ndi Latifa! Mafilimu onse aja ankapanga ndi Latifa!"

Akabaza anaseka mwaukali. Mayi wosesa uja? A Herbert anatuma njinga kuti ikamutenge. Latifa sanathamange. Anayamba wamaliza kugulitsa mapichesi amene anali m'beseni, n'kukonza mpango wake bwinobwino, kenako n'kukwera.

Atafika anangoima pakati pa anthuwo. Yunus thukuta lili kamukamu anati, "Latifa, auze anthuwa."

"Ndiwauze chiyani, bambo? Sipika ya shopu yanu ili panja apo. Tengani maiki muwauze nokha, amve ndi a kumsika omwe."

Yunus anatenga maiki. Ananena kuti chiphona anali Latifa, mfiti ya zitsulo anali Latifa, moni yemwe anali Latifa, ndipo iye ankangodina mabatani. Latifa anamuuza kuti abwereze, ena kumbuyo sanamve. Anabwereza.

"Nanga zotinyoza zija?" anafunsa a Herbert.

"Pakamwa panali panga, achimwene, koma mawuwo ndi awo. Afunseni ngati ndanamapo."

Yunus anangoti zyoli. A Herbert anatsitsa pampu, n'kulavula pansi. "Kumenya munthu wotere n'kudetsa manja. Koma mayi, ife sitinamvebe ndi makutu athu kuti ndinudi."

Latifa analandira maiki ija. Anatsokomola kachifuwa ka Yunus, ndipo sipika inatulutsa mawu a Yunus enieni, pamene mwini wake ali chiimire, milomo yotseka.

"Latifa mkazi wanga, ndinakudyera thukuta, ndinakubisa, ndinakunyoza pagulu. Ndikhululukire."

Anthu amene anayamba kuseka analekeza panjira. Zaka zonse zija Yunus anali asananenepo mawu amenewa, ndipo aliyense anaona kuti mayiyu misozi ili m'maso. Yunus anatukula mutu, akuyesa kuti mwina chitseko chatseguka.

Latifa anamuyang'ana, n'kuyankha ndi mawu akeake, amene Chinamwali inali isanawamvepo pasipika.

"Ndakana."