Tsiku Limene Agogo Anavomera Kujambulidwa

Ndikamva fungo la tchire lopsa, ngakhale ndili pakati pa tauni pomwe wina akungotentha zinyalala kuseri kwa mpanda, mtima wanga umathamangira ku Henga, kudimba la maluwa la agogo anga NyaMsiska. Ndimawaona m'mawa wa mwezi wa Seputembala, utsi wa moto wa dzulo utagona m'chigwa chonse, mapiri a ku Phoka akuoneka mwa apo ndi apo, nyenje zisanayambe kuboola makutu, iwo atagwada pa thumba lakale la feteleza pansi pa mtengo wa mapichesi, kamera ili pamaso, osaphethira n'komwe. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo ndi ndowa ya madzi otsukira mbale, chifukwa pakhomo pathu madzi amenewo sankatayidwa, anali a maluwa. Ndikangosuntha phazi ankalankhula osatembenuka: "Wezi, ima bwino. Ukundigwedezera dziko."

Ndinabadwira ku Lilongwe, koma adada ananditumiza kwa amayi awo ndili wamng'ono kuti ndikaphunzire pasukulu ya mishoni, ndidziwenso Chitumbuka ndi ulemu. Sukulu ndinaphunzira, Chitumbuka ndinatolako, za ulemuzo aweruze ndi ena. Agogo anali namwino wopuma pantchito, mayi wamtali, wa mawu ochepa koma obaya. Anagwira ntchito m'zipatala za mishoni kumpoto ndi m'chigawo chapakati, ndipo Chichewa chawo chinkayenda ndi kayimbidwe ka kwawo. Kamerayo anapatsidwa ndi mnzawo wa kuchipatala pa tsiku lotsanzikana. Inali yakuda, yolemera, ndipo lamba wake atadukapo anamusoka okha ndi msoko uja ankasokera mabala a anthu.

Filimu ankagula imodzi pachaka. Ankaiika m'kamera mapichesi akayamba kuchita maluwa, n'kumaidya pang'onopang'ono ngati shuga wa alendo mpaka mvula yoyamba. Nyengo imeneyo anthu ambiri amaidandaula: dzuwa loswa mtengo, fumbi m'mano, zitsime kuphwa, ng'ombe kuonetsa nthiti. Agogo ankati ndiyo nthawi imene dziko limavala. Ankajambula maluwa a mapichesi ali pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, masamba atsopano a mombo atafiiritsa phiri lonse, msipu wanthete ukutuluka palupsa pakuda bii, madimba a mpiru ndi anyezi m'mphepete mwa mtsinje, ndi bwalo la tchalitchi jakaranda atalikuta ndi maluwa ake. Filimu ikatha ankaipatsira dalaivala wina wa basi kuti akaitsukitse ku Mzuzu. Zithunzi zinkabwera mochedwa, mu envulopu yonunkha mankhwala, ndipo tikaziona pamphasa ankazisunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati.

Koma anthu ayi. Munthu sankamujambula, kaya ndi mkwati, kaya ndi m'busa.

Tsiku lina kunabwera bambo Gondwe, mkulu wa mpingo amene ankakhala kutsidya kwa msewu. Anali atagula njinga yatsopano, ndipo anavala jekete ndi tayi dzuwa lili phwee, thukuta likutsikira m'khosi. Anatipeza tili m'maluwa.

"Monire, aNyaMsiska. Ndabwera mundijambuleko ndi njingayi, ana ku Joni aone kuti ndalama zawo sizinapite m'madzi."

"Yewo, aGondwe. Tasunthirani uko pang'ono."

Anasuntha, akuwongola tayi.

"Pang'ononso. Enya, pomwepo."

Bambo Gondwe anaima njo, dzanja limodzi pa chishalo, chibwano m'mwamba. Kamera inalira. Koma inali italoza pansi, pa njuchi imene inalowa mutu wonse m'duwa la dzungu.

"Mumanditchingira dzuwa," anatero agogo akudzuka. "Inu ndikupezani mawa ndi mkuja, ndi njinga yanu yomweyi. Duwa ili pofika madzulo kulibe."

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kuti ndikasekere kumeneko. Pobwerako ndinapeza mlendoyo atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, nsapato imodzi atavula, agogo akumupsinja phazi lotupa n'kumamukalipira za mchere. Anapita wopanda chithunzi, koma sanapite wokwiya. Agogo anali otero.

Chaka chimene ndinali mu sitandade sikisi, agogo anadwala chifuwa m'nyengo yozizira mpaka anagonekedwa m'chipatala. Anachira, koma anabwerako atatha thupi, mphete ikuzungulira pachala. Chakumapeto kwa Okutobala adada anatsika basi ndi kachikwama kakang'ono, osatumiza mawu. Anali mwana mmodzi yekha wa agogo, dzina lawo Yotamu, munthu wofatsa amene ankaganiza kaye katatu asanatsegule pakamwa. Atadya, anapempha chimene anadzera.

"Amama, mawa muvale zoyera zija za kumpingo, mukhale pampando, ndikujambuleni."

Agogo anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bokosi wagula kale, Yotamu?"

"Amama!"

"Yayi, ndikungofunsa. Chithunzi chotere ntchito yake ndimaidziwa. Chimayenda patsogolo, mwini wake akubwera pambuyo atanyamulidwa."

Sankanama. Kwathu pamaliro, mdzukulu kapena mwana amatsogola atagwira chithunzi cha womwalirayo pachifuwa, kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Choncho munthu wachikulire amene wangotuluka m'chipatala akauzidwa kuti avale bwino akhale pampando, safunika womumasulira. Ndipo vuto linali lakuti m'chitini chonse cha mabisiketi chija munalibe nkhope ya agogo. Kachithunzi kamodzi ka pa chiphaso chawo cha unamwino kanadyedwa ndi chiswe kalekale.

Masiku otsatirawo m'nyumba munalowa chisanu ngakhale kunja kunkatentha. Adada ankakonza mpanda wa dimba umene sunali wothyoka. Agogo ankathirira maluwa amene ine ndinali nditathirira kale. Aliyense ankalankhula ndi ine zimene ankafuna kuti mnzake amve, ndipo ndinatopa nako kukhala mlatho.

Masana ena tinakhala pakhonde tonse atatu tikuswa mtedza wa mbewu. Kunkangomveka makoko akusweka ndi njiwa kumtengo wa mango. Kenaka adada anayamba kulankhula maso ali m'lichero.

"Adada anga, amuna anu, anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Nsapato zawo ndimazikumbukira. Katsokomoledwe kawo ndimakakumbukira. Koma nkhope, amama, yayi. Ndayesa chomene. Ndikatsinzina ndimaona chipewa, pansi pake palibe kanthu." Anaswa mtedza wina n'kuuponya. "Za maliro sindikana, tsikulo lidzafika. Koma si zimene ndadzera. Sindikufuna kuti zidzandichitikire kawiri. Sindikufunanso kuti zidzamuchitikire Wezi."

Sindinawaonepo adada akulankhula mawu ambiri chotero, ndipo ndinachita mantha. Agogo anapitiriza kuswa mtedza nthawi yaitali.

"Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ngati iwe," anatero potsiriza. "Bwanji sunandifunse zaka zonsezi?"

Agogo anasasa makoko pachitenje, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kamera.

"Mwatsala malo a chithunzi chimodzi. Ndimasungira mtambo wa mvula yoyamba. Tenga. Koma ndi chimodzi, mwana wane. Ukalakwitsa ndi zako."

Tsiku lotsatira anavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera limene ndinalisita ndekha ndi simbi ya makala. Anakana kujambulidwa m'mawa, anati kuwala kwake n'kosaphika, tidikire dzuwa lipendeke. Malo anasankha okha: pakati pa dimba, maluwa ofiira mbali zonse, mapiri kumbuyo kwawo. Ine ndinanyamula mpando. Kunali kotentha modabwitsa, mphepo itaima, masamba a nthochi ali lende. Asanakhale anawaphunzitsa adada ngati mwana wa sitandade wani: dzuwa likhale kumsana kwako, zigongono zigunde nthiti, ukamadina usapume. Kenaka anakhala, manja pamaondo, nkhope ili gwa ngati akufuna kubaya munthu jakisoni.

"Tamwetulirani pang'ono, amama."

"Ndimwetulire chiyani? Dina, ndikupsa pano."

Adada anaika kamera pamaso. Ndinawamva akukoka mpweya. Nthawi yomweyo kumapiri kunagunda bingu, loyamba chaka chimenecho, lakuya, lochokera kutali. Agogo anatembenuka ndi thupi lonse kuti aone. Kamera inalira.

Adada anatsitsa kamera, anayesa kupukusa filimu, koma inali itafika pamapeto. Anakhala pansi pafumbi ndi buluku lawo la ku ofesi.

"Amama, mwachitira dala."

"Ine? Wagundayo ndine?"

Anali akuyang'anabe kumapiri. Kenaka anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka, mpaka chifuwa chinawagwira. Adada analimbalimba, koma nawonso anagonja, akuseka uku akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Mpaka lero sindidziwa ngati misoziyo inali ya kuseka. Mvula ya tsiku limenelo inathera kumapiri konko, kwathu sikunagwe ngakhale dontho.

Zithunzi zinabwera adada atabwerera kale ku Lilongwe. Chomaliza chinali chimenecho: nkhongo ya agogo, mfundo ya duku, khutu limodzi, phewa litapotoka, dzanja litagwira pamsana pa mpando ngati munthu amene akufuna kunyamuka. Kutsogolo kwawo kunali maluwa, kenaka phiri lofiira ndi masamba a mombo, ndipo pamwamba pake mtambo wakuda utaunjikana, dzuwa likuuwomba m'mbali. Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchipendeketsa cha kuzenera.

"Wajambula bwino mwana uja," anatero. "Mtambo watuluka."

Anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, akujambulabe mapichesi awo. Adada anagula kamera yawoyawo, ndipo ulendo uliwonse ankabwera nayo, koma yankho silinkasintha: "Pampando ndinakhala kale. Tinagwirizana chimodzi." Kuwajambula mobisa adada sakanatha. Analeredwa ndi iwowo.

Agogo atamwalira ndinali ku sekondale. Achibale ena anakana kwamtuwagalu kuti chithunzicho chitsogole maliro. Anati si mwambo, anthu adzati mayiyu watifulatira, ndi bwino kungoyenda opanda chithunzi. Adada anamvetsera onse mpaka anamaliza, n'kunena mawu ochepa: "Ndi chokhachi anatipatsa." Anachiika m'galasi, n'kundipatsa ine. Ndinayenda nacho patsogolo pa amayi a mpingo ovala zoyera, nyimbo ikumveka kumbuyo kwanga. Ndinkayembekeza kuti wina aseka. Palibe anaseka. Anthu amene anaima m'mbali mwa njira ankachiyang'ana n'kugwedeza mutu, chifukwa ambiri a iwo, podutsa pa mpanda wathu m'mawa, ankawaona agogo chomwecho.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndinene zoona: chimene adada ankaopa chinachitika. Nkhope ya agogo inandithawa. Inapita pang'onopang'ono, osatsanzika. Mawu awo ndimawamva bwinobwino, manja awo ndimawaona, magalasi awonso, koma ndikafuna kulumikiza maso, mphuno ndi pakamwa, zimabalalika. Masiku ena ndimawakwiyira ndithu. Kukhala chete pampando kwa kanthawi kochepa chabe kukanawavuta chiyani?

Chaka chatha adada anabwera kudzakhala nafe milungu ingapo, atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Anabweretsa chithunzi chija, atachichotsa m'galasi limene linasweka. Masana ena ndinawapeza pakhonde atachigwira pafupi ndi maso. Sanandimve ndikubwera. Anachiyang'ana, kenaka pang'onopang'ono anachitembenuza, n'kuyang'ana kuseri kwake, papepala poyera. Atandiona anachita manyazi n'kuseka pang'ono.

"Ndawaiwalanso, Wezi," anatero. "Onse awiri."

Ndinakhala pambali pawo. Pobwerera kwawo anachisiya patebulo panga.

Mitengo ikayamba kuphukira mvula isanagwe, ndimatuluka m'mawa ndi foni yanga kukajambula maluwa a m'mipanda ya anthu ndi masamba ofiira a m'mbali mwa msewu, ndipo ana anga amandiseka kuti ndimagwadira udzu. Zimenezo ndinatengera kwa agogo, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma mwana wanga akangokweza foni n'kunena kuti, "Amama, tayang'anani kuno," ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, kaya tsitsi lili nyankhalala, kaya manja ali ndi ufa. Ndimamuyang'ana m'maso mpaka adine, ngakhale kumbuyo kugunde bwanji.