Banki ya pa Tebulo la Pawindo

Ndinakhalapo kasitomala wa banki ya ku Spain osatuluka mumzinda wa Wakefield, kudziko la Angerezi. Anzanga a kutchalitchi amaseka ndikanena zimenezi, koma ndikulumbira, ndipo mboni zilipo, kungoti zambiri sizikumbukira.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba. Kunabwera bambo a ku Spain amene mutu wawo unali utayamba kuiwala. Anawabweretsa ndi mwana wawo wamkazi, namwino pa chipatala cha mumzindamo. Bambowa ankamanga tayi ngakhale pa malaya ogonera. M'mawa akamwa tiyi ankakhala pa tebulo la pawindo m'chipinda chodyera, n'kulengeza kuti banki yatsegulidwa.

Makasitomala sankasowa. Agogo ena anasungitsa mano awo oikirira. Ena anasungitsa rimoti ya TV, moti nyumba yonse tinaonera pulogalamu ya kadzalidwe ka maluwa mpaka tonse tinasanduka alangizi. Aliyense wosungitsa ankalandira mphatso: supuni, sosala, mwayi ukakhalapo mbale. Zonsezo zinali za kukhitchini kwathu.

Vuto linali lakuti bambowa sankadya. Chakudya chamasana chikabwera ankachikankhira pambali mwaulemu. "Banki imatseka 2 koloko," ankatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Munthu satafuna makasitomala akuona." Tinayesa kuwatenthetsera ikakwana 2 koloko. Ankatseka banki, kuvala jekete, n'kukakhala pafupi ndi chitseko kudikira kupita kunyumba, kumene akazi awo anali atawaphikira. Akazi awowo anamwalira kalekale.

Anaonda mpaka kolala ya malaya awo ikanatha kulowa anthu awiri, wachitatu n'kupeza poimirira. Amanejala ananena mosabisa kuti sikelo ikapitiriza kutsika, bambowa apita kuchipatala, ndipo akatuluka kumeneko adzawapezera nyumba ina kutali, kupitirira mzinda wa Leeds. Mwana wawo analibe galimoto. Ankabwera wapansi tsiku lililonse akaweruka, n'kuwapesa tsitsi.

Tsiku lina ndinamufunsa mwanayo za bankiyo, iye akuvala jasi pakhomo. Anati inayambitsidwa kalekale ndi ansembe ndi eni minda a m'chigawo chawo, ngati malo amene amphawi ankapinyolitsako katundu. Munthu ankasiyako matiresi m'chilimwe n'kukawaombola kukayamba kuzizira. Kenako inayamba kusunga ndalama za alimi. Mwana akabadwa inkamupatsa kachitini kosungiramo makobidi, wamkulu akasungitsa inkamupatsa mapoto. Phindu inkamangira nyumba za okalamba ndi malaibulale. Bambo ake anayendetsa nthambi ya m'mudzi mwawo moyo wawo wonse. Pambuyo pake akuluakulu a kulikulu anakongoza ndalama kwa omanga nyumba za m'mbali mwa nyanja, nyumbazo zinasowa ogula, bankiyo inamezedwa ndi ina yaikulu, imenenso inamezedwa ndi inzake. Lero kumudziko kumangobwera galimoto ya banki kamodzi pa sabata.

Mnzanga wa pa shifiti, mayi wa ku Zambia wosaopa munthu, anamva zonsezi.

"Manje imwe a Malawi mumaopa chani?" anatero. "Banki ikavuta amaitseka. Ikatsekedwa, mudala azadya."

"Mayi, banki ya eni ake imeneyo."

"Na masupuni ni ya eni ake. Dzulo ninakondoweza tiyi na bolopeni."

M'mawa mwake anabwereka jekete la amanejala, n'kukaima pa tebulo la pawindo, n'kulengeza kuti bankiyo yagulidwa. Bambo aja anaimirira, anamugwira chanza, n'kungoti, "Kachiwirinso." Anabweza mano kwa mwini wake, rimoti kwa mwini wake, anamasula tayi, n'kukagona atayang'ana kukhoma. Tsiku limenelo ngakhale tiyi anamukana.

Mwana wawo atabwera anatikalipira m'zilankhulo ziwiri, ndipo chimene sitinkachidziwacho ndi chimene tinachimva bwino. Mkwiyo utatha anakhala pampando n'kunena kuti nthambi yeniyeni itatsekedwa bambo ake anagonanso chimodzimodzi. Chimene chinawadzutsa ndi alimi, amene sanasiye kubwera kunyumba ndi mazira, tchizi ndi mafuta, monga ankachitira ku banki akakolola. Mphatso ya kasitomala sankaikana. Ankailawa pomwepo, mwini wake akuona, kuopa kumunyoza.

Zimenezo sindinafunike kuti wina andimasulire. Kwathu nakonso amene wakubweretsera nkhuku sumuuza kuti wakhuta.

Tsiku lotsatira ndinabwereka chipewa cha bambo ena a m'chipinda choyandikana, ndinatenga mbale ya kukhitchini n'kuivindikira ndi kansalu, n'kukagogoda.

"Bwana, kunja kuli mzere."

"Banki inagulidwa," anayankha osatembenuka.

"Ogulawo abweza, bwana. Ati ndi yovuta kuyendetsa."

Anatembenuka. Kenako anafunsa kumene kunali tayi yawo.

Pa tebulo la pawindo ndinavula chipewa, ndinasungitsa kiyi wa kabati yanga yosungiramo zovala, n'kulandira supuni. Ndiye ndinakankha mbale ija pang'onopang'ono.

"Kangachepe, bwana. Za kumunda kwanga."

Anavundukula. Munali nsomba yokazinga, mbatatesi ndi nsawawa, zomwe zija ankazikana Lachisanu lililonse.

"Mvula inagwa bwanji chaka chino?"

"Bwana, sinasiye chifikireni ine m'dziko muno."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za mavuto a alimi kambirimbiri. Anatenga foloko n'kulawa. Ine sindinachoke, pakuti mwini mphatso sachoka. Analawanso. Analawa mpaka mbale inayera, ndipo mnzanga wa ku Zambia, amene ankasuzumira pachitseko, analowa m'kabati ya matawulo kukalira kapena kukaseka, sanandiuze mpaka lero.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mlimi wamkulu wa mu Wakefield. Munda wanga unkabala masoseji, supu wa tomato, ndi kasitadi wotentha kale. Ndikakhala pa ofu, mnzanga uja ankabwera ngati mkazi wanga, n'kudandaula kuti ndine waulesi. Bwana ankamuuza kuti apirire, amuna a kumudzi ndi otero. Amanejala anailemba nkhaniyi m'ndondomeko ya chisamaliro chawo m'mawu a ofesi, ndipo anaitanitsa masupuni ena.

Sikelo inasiya kutsika, kenako inayamba kukwera. Za Leeds palibe anazitchulanso. Mwana wawo anapitiriza kubwera wapansi ndi chipeso chake, ndipo masiku ena ankaima pamzere kumbuyo kwanga atanyamula mazira owiritsa.

Tsiku lina, pofuna kuona ngati ubale wathu wakhwima, ndinapempha ngongole ya thirakitala. Bwana anapukuta pakamwa, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupinda manja.

"Ayi," anatero. "Munthu amene munda wake umabala nsomba yokazinga kale safunika thirakitala. Mawa mubwere ndi mchere."