Mbaula ya Mayi Awo

Linali Lamulungu la mu Juni, mvula yamawawa ikugwa chiyambire m'mawa. Chifunga chinali chitaphimba phiri lonse la Kaning'ina. Pamsewu pankangomveka mabelu a njinga za kabaza, ndi madzi odontha kuchokera pamalata. Ndinachokera kutchalitchi zala zitauma, mtima uli pa mbaula.

Ndinapeza ana anga awiri aakazi ali m'nyumba. Wamkulu ndi mphunzitsi ku Lupaso, wamng'ono ndi namwino. Pakona pamene pankakhala mbaula anali ataikapo hita yamagetsi, waya zake zili psuu.

"Adada, khalani pansi kaye mumve," anatero wamkulu, ndi mawu ake a m'kalasi aja. "Thumba la makala silikutha mwezi, ndipo pansi pake ndi fumbi lokhalokha. Nkhuni n'zotchipa, inde, koma nyengo ino n'zonyowa, mumangolira ndi utsi. Gasi ndi wophikira, simungamuothe. Iyi mukamayatsa pang'ono m'mawa ndi madzulo, mayunitsi ake safika pa mtengo wa thumba."

"Nanga magetsi akazima?" ndinafunsa.

"Mufunde mabulangete awiri, si inu khanda," anaseka wamng'ono. Kenako kuseka kunatha. "Ine ndawaonapo kuchipatala anthu amene anatseka mawindo mbaula ili m'kati. Sindikufuna kudzakupezani choncho."

Sankanama. Ine ndemwe ndinkaona mmene makala ankadyera penshoni yanga. Ndinathokoza kuti yewo, kenako ndinafunsa kumene anaika mbaula.

"Tam'patsa bambo wogula zitsulo zakutha. Inali itabooka kale, adada," anayankha wamkulu.

Amene anagula mbaulayo ndi malemu mayi awo, ku Mchengautuwa. Dongo lam'kati likang'aluka sankalola kugula ina, ankamata okha ndi dothi lapachulu losakaniza ndi phulusa. Ulendo womaliza anamata atayamba kale kudwala, mphamvu zosalaza analibe, choncho zala zawo zinayi zinadindika pa dongolo n'kuumira pomwepo. Chimwalirireni iwo, m'mawa uliwonse ndisanakoleze moto ndinkaika zala zanga m'timaenje timeneti, n'kupemphera. Sindinauzepo munthu.

Ndinangoyang'ana pakona paja, chipewa chili pabondo. Wamng'ono ndi amene anaona.

"Adada, talakwa chiyani?"

Ndinawauza, mwachidule. Wamkulu anagwira pakamwa. Anavala nsapato, natuluka onse awiri, ambulera ataiiwala kuseri kwa chitseko.

Anayenda masana onse akufunsa m'timisewu tamatope ngati wina waona bambo wa njinga yodzaza zitsulo. Anam'peza, koma mochedwa. Anthu amenewa amagula chitsulo pasikelo, dongo alibe nalo ntchito. Bamboyo anali ataliswa kale dongo lija ndi nyundo n'kulitaya m'ngalande, madzi akuyenda.

Anabwera dzuwa litapendeka, atanyowa mpaka m'kati, naima pakhomo ngati alendo. Wamkulu, amene sasowa chonena, anangoti, "Sitinadziwe."

Akanadziwa bwanji, ine nditabisa? Zinandiwawa, sindingakane, ndipo m'mawa wina zimandiwawabe. Koma nditayang'ana zala zawo zitauma ndi kuzizira, ndinaona kuti anandilanda mbaula chifukwa choopa kuikanso maliro ena.

Ndinawauza kuti alowe, ndinawapatsa thaulo, ndinateleka madzi a tiyi. Ndinawakhululukira.