Odi amene sindinayankhe

Loweruka lapitali ndinapambana nkhondo. Ndinagumula malinga atatu, ndinatentha nkhokwe za mdani, asilikali ake n'kubalalikira kumapiri. Zonsezi ndinachita ndili khale pampando, m'kanyumba ka lendi kamene ndimakhala kumtunda kwa msika kuno ku Nkhata Bay.

Musadabwe. Mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira kamakina ka masewera kogwira m'manja. Kamatseguka ngati buku, kali ndi magalasi awiri ndi kamtengo ka pulasitiki kolozera. Anati, "Alamu, poti banja munalisiya ku Zomba, kazikusangalatsani aka." Ndinaseka. Bambo wa ana atatu, wa tayi wake mu ofesi ya boma, n'kumaseweretsa zidole?

Lero batire ikatha ndimasowa mtendere.

Masewera ake ndi otere. Umapatsidwa malo ndi anthu ochepa. Ena umawatuma kukadula mitengo, ena kukaswa miyala, ena kumanga linga. Koma si bawo iyi, yoti mnzako amadikira kuti utaye kaye. Iwe ukumanga, mdani nayenso akumanga, ndipo ukangocheukira kumbali umapeza akuotcha kale kumpoto pamene asilikali ako onse ali kum'mwera. Maso, mutu ndi zala zonse zimakhala pantchito. Kwa munthu amene Loweruka lake limatalika ngati msewu wa ku Mzuzu, amenewa ndi mankhwala.

Ndiye cha m'ma 3 koloko masana, mdani atandizinga mbali ziwiri, ndinamva pakhomo: "Odi, ada!"

Mawuwo ndinawadziwa. Anali a Mhone, oyandikana nawo nyumba, kalipentala wa mabwato amene tsitsi lake layamba kuyera. M'zaka ziwiri zimene ndakhala kuno, ndi iwo okha amene ankabwera kwanga popanda fomu yoti ndisaine. Ankakhala pakhonde, kundiphunzitsa Chitonga, kundiseka ndikachikhotetsa. Nditadwala malungo, akazi awo ndiwo ankandiphikira phala.

"Odi!" kachiwiri. Kenaka mawu a akazi awo: "Odi kuno!"

Ndinati chete. Ndinaganiza kuti mphindi zisanu zokha, ndimalize, ndiwapeza kwawo. Ndiulule zonse: kamakinaka ukangokatseka nkhondo imaima n'kukudikira. Ndinkadziwa zimenezi. Koma mtima unali utatentha, ndipo ndinasankha kukhala ngati m'nyumba mulibe munthu.

Chimene ndinaiwala n'choti zenera linali lotsegula, ndipo kamakinako kanali kakuliza malipenga ndi ng'oma zake.

Mphindi zisanu zinakhala maola awiri. Nditatuluka, manyazi anandigwira, ndinati ndipita mawa tikaweruka kutchalitchi. Lamulungu masana ndinapeza chitseko cha a Mhone chili ndi loko, makatani atachotsedwa, pabwalo patasesedwa bwino.

Mayi eni nyumba zathuzi, a NyaChirwa, anali kuyanika chinangwa. Ndinawafunsa.

"Akwera sitima m'mawa, ada. Abwerera kwawo ku Usisya, maso awo afooka, ntchito yawakanika. Dzulo anayenda nyumba zonse kutsanzika. Tonse tinawaperekeza kudoko."

"Za ine ananena chiyani?"

"Anati, bwana wa ku Zomba tamupeza ali ndi alendo, kunali malipenga m'nyumba. Sitinafune kusokoneza." Mayiwo anandiyang'ana, n'kufunsa mofatsa, "Alendowo apita?"

Ndinasowa poyika nkhope.

Tsono abale anga, makamaka inu anzanga amene boma linatitumiza kuno kuchokera kuchigawo chapakati ndi kum'mwera, tiyeni tikambe zoona. Nditukwane kamakina? Ayi. Kamakina sikanatseke pakamwa panga. Kanangopeza munthu amene anali atatseka kale chitseko.

Ambirife kuno timakhala ngati tili pa depoti. Masutikesi ena sitinamasule. Pa nkhomaliro nkhani yathu ndi imodzi: kalata yosamutsidwa ibwera liti? Timadandaula kutentha, timadandaula zitunda, timadandaula kuti anthu akayamba Chitonga amatisiya panja. Koma ndi angati mwa ife amene anapitako kumaliro a kuno popanda kutumidwa ndi ofesi? Ndi angati amadziwa dzina la mayi amene amawagulitsa usipa tsiku ndi tsiku?

Wina ali ndi botolo lake, wina wailesi, wina amakwera minibasi Lachisanu lililonse kuthawira ku Mzuzu. Ine ndili ndi anthu anga a m'galasi. Ndipo ndikuuzeni chifukwa chake amakoma: safuna moni. Ukawaloza amapita, ukawaiwala sakwiya, akafa umapanga ena. Sadwala maso. Sabwera kudzatsanzika.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama. Ine ndinkayesa kuti mwambiwu umanena za anthu osowa anzawo. Sindinkadziwa kuti munthu ungathe kudzisandutsa kanyama wekha, mnzako ataima pakhomo ndi mkazi wake, atavala zovala zawo zabwino.

Sabata ino ndasungulumwa kuposa tsiku limene ndinafika. Nthawi imeneyo ndinalibe munthu chifukwa ndinali mlendo. Pano ndilibe munthu chifukwa cha ine mwini. Ndikaweruka ndimadutsa pakhomo la loko lija, ndipo miyendo imachedwa yokha, ngati kuti wina andiitana kuti ndibwereze mawu a Chitonga amene ndinalakwitsa dzulo.

Kamakina sindinataye, ndisakunamizeni. Lachitatu ndinakatsegulanso. Anthu anga ndinawapeza ataima m'mizere, akudikira lamulo, ndipo ndinawayang'ana nthawi yaitali osawatuma kulikonse.

Ku Usisya foni sigwira. A NyaChirwa akuti mphwawo amagwira ntchito yonyamula katundu padoko, ndipo ndikalemba kalata akhoza kuipatsira munthu wodalirika pa sitima ya sabata yamawa. Pepala ndagula, envelopu ndagula. Pamwamba ndalemba kale kuti "Okondedwa ada Mhone," ndipo kalatayo, poti maso awo afooka, adzawawerengera ndi akazi awo, amene anaima nawo pakhomo paja n'kumva zonse.

Inu amene mumadziwa kulemba makalata, ndithandizeni mzere wachiwiri. Ndiwauze kuti sindinawamve, kapena ndiwauze kuti ndinawamva?