Hutala ya Shomari

Shomari Kibwana wayendetsa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, ku Tandika zaka khumi ndi ziwiri, ndipo hutala yake ngakhale ana amaidziwa, imalira ngati bakha wopondedwa. Pamsewu ndi munthu wa nthabwala. Nkhawa zake amazisiya m'mimba.

Tsiku limene mwana wake Zuhura anabadwa, anamunong'oneza azana, mawu oitanira mapemphero aja, kukhutu lamanja monga amachitira Msilamu aliyense. Patapita zaka ziwiri m'pamene anadziwa kuti mawuwo anapita padera. Mwanayo sankamva.

Nkhani ya opaleshoni yoika kachipangizo komuthandiza kumva kuseri kwa khutu itamveka, anzake a pa siteji onse anasanduka madokotala.

"Aise, akamubowola ubongo ameneyo," anatero Mudi, chapati chili m'kamwa. "Ndiye mvula ikamabwera uzimubisa kunsi kwa bedi, mphenzi izimusaka."

Dokotala weniweni anati ubongo saukhudza n'komwe, za mphenzizo ndi nkhambakamwa. Shomari anasaina chikalata chovomereza opaleshoniyo. Zina zimene anafotokozazo anangogwedezera mutu, mtima uli m'mwamba.

Atabwerako kuchipatala, Zuhura akusewera pakhonde ndi bandeji kumutu, Shomari anakankha bajaji mwakachetechete mpaka kumbuyo kwake, n'kuliza hutala. Nkhuku zinabalalika. Mwana osacheuka. Anayesanso mawa lake, mkuja wakenso, chimodzimodzi. Sanauze munthu. Chakudya chinayamba kumukanika, ndipo panjira ankapitirira mphambano zomwe amazidziwa bwino.

Sabata yachitatu mkazi wake Mwanaidi anamupezerera.

"Bambo a Zuhura, mutu ukuyenda bwino? Anthu atopa nalo phokosoli."

"Sizinatheke, mayi a Zuhura. Ndinamudulitsa mwana pachabe. Ine ndi dzanja langali."

"Inu! Tsiku lija munali kuti? Kachipangizoko sanakayatse. Dokotala anati bala lipole kaye, mbali yake yakunja akamuika Lachinayi likubwerali."

Manyazi anamugwira, koma nkhawa sinachoke. Inangosamukira ku Lachinayi.

Tsikulo mayi woyeza makutu anamatika kachipangizo kumutu kwa mwana, mbali yakumanja, n'kudina kompyuta yake.

"Musakuwe," anatero. "Ndiponso musayembekeze kuti akuyankhani lero, kuphunzira mawu ndi ulendo wautali. Nenani chilichonse, motsitsa."

Shomari, munthu amene amalongolola tsiku lonse pamsewu, anasendera pafupi ndi mwana wake. Kenako anawerama n'kuyamba kunong'ona azana.

Zuhura anataya chidole. Anatuzula maso, n'kulira mokuwa.

"Chikumupweteka!" Shomari anadzambatuka. "Chotsani, chonde, chotsani!"

"Khalani pansi, bambo," anatero mayi uja. "Sichikumupweteka. Wadzidzimuka chabe. Wakumvani."

Shomari anayang'ana mkazi wake, amene anali atagwira pakamwa. Anadikira mpaka mwana atatonthola pang'ono. Anapukuta nkhope ndi chipewa chake, anaweramanso, n'kuyambira pachiyambi.