Tsiku Limene a Ndakuonani Anatulutsa Munthu mu Komiti

A Ndakuonani, dalaivala wa lole ya boma, sankakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chawo chomwe. Munthu akawapatsa moni mosekerera, iwo ankayamba agwira kaye m'thumba. Kunyumba ankakanda chizindikiro pa botolo la mafuta ophikira, mpaka akazi awo anatopa n'kudandaula. Dzinalo anadzipatsa okha, poti ankakonda kuuza aliyense kuti "ndakuonani".

Tsono mkulu wa zamagalimoto atawaneneza kuti amanyamula anthu apaulendo pa lole, ntchito yawo inali pachiswe. Komiti yomva mlanduwo inali ya anthu atatu: wapampando, mayi wa ku akaunti, ndi bambo wina wofatsa wochokera ku likulu. Bamboyu anakwatira msuweni wa akazi awo a Ndakuonani. Pa ofesi panalibe wodziwa zimenezi, ndipo a Ndakuonani mtima wonse anauika pa iyeyo.

Amene anawasowetsa mtendere ndi mayiyo. Anamuonapo tsiku lina akutsika m'galimoto ya wowanenezayo, akuseka.

M'chipinda cha misonkhano, wapampando anawerenga lamulo lakuti wachibale kapena bwenzi la woneneza kapena la wonenezedwa atuluke. Ankangowerenga mwamwambo, mothamanga, maso ali kale pa tsamba lotsatira. A Ndakuonani akanangokhala chete, zikanadutsa. Koma chibadwa sichisankha tsiku.

"Pepani bwana, mayiwa ine ndinawaona. Amakwera galimoto ya amene akundinenezawa."

"Kunali mvula tsikulo, bambo," anatero mayiyo. "Koma ngati mtima wanu suli m'malo, ndituluka." Anatenga chikwama chake n'kupita.

Wapampando anavula magalasi. "Poti mwaiyamba, tiyeni tiimalize bwinobwino. Alipo winanso? Wobisa ubale, zikadzaululika, ntchito yake idzathera pomwepo."

Bambo wofatsa uja anayang'ana tebulo, nayang'ana chitseko, kenaka anakankha mpando pang'onopang'ono.

"Mundikhululukire, alamu," anatero akutuluka. "Inenso ndili ndi ana."

Komiti yatsopano inali ya alendo okhaokha, anthu opanda msuweni aliyense pa nkhaniyo. Anamva umboni, nawachotsa ntchito a Ndakuonani. Iwo anapereka makiyi a lole, mtima ukuwawa koopsa, n'kukakwera basi ngati wina aliyense.

Njira yonse ankafunafuna munthu amene anawapereka. Anaganizira mlonda wa pageti, anaganizira makaniko, anaganiziranso akazi awo. Anafika pakhomo asanamupeze.