Makaniko Wopanda Gilayinda wa pa Lizulu

Anthu a pa Lizulu amanena kuti bambo Silvester ndi makaniko waulesi, chifukwa zaka zonse zimene akhala akukonza magalimoto kuseri kwa msika sanagulepo gilayinda, makina odulira zitsulo aja. Ine ndikutsutsa, ndipo wofuna mkangano abwere ndi umboni, osati mphekesera za pa bawo.

Bambowa anaphunzira ntchito ku Joni, komwe anatha zaka khumi ndi ziwiri akukwawa pansi pa magalimoto a dizilo. Anabwerako ndi masipanala, jekete lachikopa ndi lamulo limodzi: chinthu usachidule usanachifunse.

Lamuloli linayesedwa mu Juni. Mayi Hannah, amene amapikula kachewere ku Tsangano n'kukagulitsa ku Lilongwe, anafika pa Lizulu m'mawa galimoto yawo ikuyenda ngati ngolo. Pa dashibodi panali patayaka kanyali kachikasu kochenjeza za sefa ya mu ekizozi, ija imagwira mwaye. Magalimoto amakonowa, kanyaliko kakayaka, injini imadzichepetsera yokha mphamvu. Ndipo wogula wawo anali atanenetsa kuti masana akangokwana, atenga kachewere wa munthu wina.

Makaniko wina, Cyprian, anali atalumikiza kale gilayinda.

"Mayi, sefa yatsekeka," anatero. "Tidule, tikhutule zam'katimo, tiwotcherere. Tonse timatero."

"Tonse ndani?" anafunsa a Silvester, amene anangofika osaitanidwa, chimanga chootcha chili m'manja.

"Madala, kadyereni uko. Mayiwa akuthamangira."

A Silvester sanaiyang'ane n'komwe galimotoyo. Anatembenukira kwa mwini wake.

"Mayi, dizilo atasowa muja, galimotoyi inkagona kuti?"

"Pakhomo, masabata atatu."

"Yopanda kanthu?"

Mayi Hannah anayang'ana kumbali. "Ndinasungiramo matumba a chimanga. Nanga ingokhala osagwira ntchito ngati alamu anga?"

Apa m'pamene a Silvester anatsegula boneti. Kwa osadziwa, ndifotokoze: kuchokera ku sefa kumapita timachubu tiwiri tofika pa kachipangizo kotchedwa sensa. Sensayo imayerekeza mphamvu ya utsi polowa ndi potuluka, n'kukanena ku kompyuta ya galimoto. Kachubu kakabooka, sensa imakapereka umboni wabodza, ndipo kompyuta, pokhala yosayenda m'midzi, imakhulupirira.

Bambowa anazula kachubu kamodzi, natseka mbali ina ndi chala, nauzira. Mpweya unalira mluzu cham'mbali.

"Sefa ilibe mlandu," anagamula. "Mboni ndiyo yalumidwa ndi khoswe."

"Khoswe adye rabala chimanga chili pomwepo?" anatsutsa Cyprian.

"Iwe ukakhuta sutafuna kamtengo?"

Amayi ogulitsa kabichi anaseka mpaka wina anagwetsa beseni. A Silvester anaikapo kachubu kena kopirira kutentha, nalumikiza kamakina kawo kolankhula ndi kompyuta ya galimoto pansi pa chiwongolero, nazimitsa kanyali kaja. Galimoto inanyamuka ngati yakumbukira kwawo. Mayi Hannah anampeza wogula uja akadali pa malo, ngakhale akuti anali atayamba kale kusisita matumba a munthu wina.

Cyprian mpaka lero amaumirira kuti zinangochitika mwamwayi, ndipo kuti sefayo mayi Hannah anakaidulitsa mwakachetechete ku Lilongwe. Ena amamuvomereza, poti phokoso la gilayinda limamveka ngati ntchito, pomwe kuuzira kachubu kumaoneka ngati masewera.

Lachisanu lapitali ndinalowa ndekha pansi pa galimotoyo. Sefa ilipo, ndipo palibe pamene panawotchereredwa.